CHOWINDA CHA MNAZIRI NDI TSITSI LA MWANA WATHU

 Mwezi uno ndidakonza zoti tipitirize nkhani yathu ya mapemphero a madzulo a pabanja, koma kuno ku Mzuzu kudachitika kanthu kamene kandikakamiza kuti ndiyambe ndakuuzani.

Tsiku lina m'mawa, nyengo yachisanu ija pamene nkhungu imaphimba mzinda wonse kuchokera ku Katoto mpaka ku Luwinga, padafika mai wina pakhomo panga. Ndi mai wa Umanyano, wokhulupirika pa ntchito za mpingo, ndipo dzina lake ndilisunga. Titalonjerana, adamasula mfundo ya pansonga ya chitenje chake natulutsa lumo latsopano. Adati: "Adada, ndagula ili dzulo. Mwana wanga wabwera kuchokera ku koleji ndi tsitsi lopota, lija akuti madiredi. Atate ake anena kuti akapanda kumeta pofika Sabata achoke pakhomo. Iye akuti sangamete chifukwa adawinda kwa Mulungu monga Mnaziri, ndipo akutitsegulira Numeri 6. Ine ndaganiza zommeta usiku ali m'tulo kuti nyumba yanga isapasuke. Kodi ndilakwa?"

Ndidayankha kuti: "Amama, m'Baibulo muli mkazi mmodzi amene adametetsa munthu ali m'tulo, ndipo sindikhulupirira kuti mufuna kukhala mnzake wa ameneyo." Adaseka pang'ono, misozi ili m'maso. Tidapangana kuti lumo lidikire, ndipo kuti ndidzafika kwao Lachisanu madzulo kuti tidzawerenge mutuwo pamodzi, atate, amai ndi mwana yemwe. Popeza nkhani yotere yafika m'mabanja ambiri, ndaona kuti nkwabwino tiiphunzire tonse.

Mnaziri adali yani?

Choyamba tichotse chisokonezo chimene ambiri ali nacho. Mnaziri sindiye munthu wa ku Nazarete. Nazarete ndi mudzi wa ku Galileya kumene Ambuye Yesu adakulira, pamene dzina lakuti Mnaziri lichokera ku liu la Chihebri lotanthauza kupatula. Mnaziri adali Mwisraeli, mwamuna kapena mkazi, amene adawinda chowinda chapadera cha kudzipatulira Yehova. Unsembe udali wobadwa nao, wa ana a Aroni okha. Unaziri udali khomo lotsegukira munthu wamba aliyense, mbusa wa nkhosa kapena mai wa pakhomo, wofuna kukhala pafupi ndi Mulungu mwa njira yoposa ya masiku onse. Palibe amene ankamkakamiza.

Numeri 6 aika zinthu zitatu pa munthu wotere. Choyamba, asamwe vinyo kapena chakumwa chilichonse choledzeretsa, ndipo asalawe kanthu kochokera ku mpesa, kaya madzi a mphesa, mphesa zaziwisi kapena zouma, ngakhale njere ndi khungu lake. Kwa ife izi zioneka zopepuka popeza mphesa sitilima kwenikweni, koma m'dziko la Israeli mpesa udali pamtima pa chikondwerero chilichonse. Kuusala kudali ngati kukhala pa ukwati wa mbale wako osakhudza thobwa kapena nyama.

Chachiwiri, lumo lisapite pamutu pake masiku onse a chowindacho. Tsitsilo lidali chizindikiro choonekera kwa onse kuti munthuyu ali ndi pangano ndi Mulungu wake.

Chachitatu ndicho cholemera koposa, ndipo ambiri amene amatchula mutuwu amachilumpha. Mnaziri sankaloledwa kuyandikira mtembo, ungakhale wa atate wake, amai wake, mbale wake kapena mlongo wake. Taganizani inu a kuno kwathu, kumene munthu wosapita kumaliro timamuyesa mfiti kapena wodzikuza. Amai ako amwalira, mudzi wonse wasonkhana pasiwa, akulu a mpingo akuimba usiku wonse, iwe uli patali. Lamulo lolimba chotere lidaikidwanso pa mkulu wa ansembe yekha, monga tiwerenga pa Levitiko 21. Ndiye kuti m'masiku a chowinda chake, munthu wamba ankakhala pa muyeso wa mkulu wa ansembe. Munthu akafa mwadzidzidzi pambali pake, Mnaziri ankameta tsiku lachisanu ndi chiwiri, nabwera ndi njiwa ziwiri kapena maunda awiri tsiku lotsatira, pamodzi ndi mwana wa nkhosa, ndipo masiku onse amene adasunga kale ankafafanizika. Ankayambiranso kuwerenga.

Tsitsi la pamoto

Tsopano mvetsetsani mathero ake, pakuti mpamene pagona nkhani. Chowinda cha pa Numeri 6 chidali ndi tsiku lotha. Aphunzitsi a Chiyuda amene adasonkhanitsa miyambo yao m'buku lotchedwa Mishnah, cha m'ma 200 A.D., adalemba kuti munthu akawinda osatchula nthawi, unaziri wake ukhale wa masiku 30. Masikuwo akakwanira, Mnaziri ankabwera pakhomo la chihema ndi mwana wa nkhosa wamwamuna, mwana wa nkhosa wamkazi, nkhosa yamphongo ndi dengu la mikate yopanda chotupitsa. Pamenepo ankameta mutu wake, natenga tsitsi lija naliponya pamoto wa nsembe. Atatero ankabwerera ku moyo wa masiku onse.

Choncho tsitsilo ankalisungira moto. Ayuda ali ndi nkhani ya mkulu wa ansembe wina wakale, Simoni Wolungama, amene sankakondwera ndi Anaziri ambiri chifukwa ankawinda mopupuluma kenaka nkudandaula. Koma tsiku lina kudafika mnyamata wokongola, woweta nkhosa za atate wake, wa tsitsi losiririka. Simoni adamfunsa chifukwa chake afuna kuononga tsitsi lotere. Mnyamatayo adafotokoza kuti potunga madzi pachitsime adaona nkhope yake m'madzimo, mtima wake nuyamba kunyada, ndipo pomwepo adawinda kuti tsitsi limene lifuna kumgwetsalo adzalimetera Mulungu. Simoni adampsompsona pamutu, nalakalaka kuti Anaziri otere achuluke m'Israeli.

Nsembe zija zidali zodula, kotero kuti osauka ankalephera kumasula chowinda chao, ndipo anthu opata ankawalipirira monga ntchito yachifundo. Ndicho chifukwa chake pa Machitidwe 21 akulu a mpingo wa ku Yerusalemu adapempha Paulo kuti alipirire amuna anai amene adali ndi chowinda, kuti amete. Paulo mwini adameta mutu ku Kenkreya chifukwa cha chowinda, monga pa Machitidwe 18. Kachisi wa ku Yerusalemu atapasulidwa ndi Aroma m'chaka cha 70 A.D., padalibenso guwa lotenthera tsitsi kapena lopherapo nkhosa, ndipo unaziri monga udalembedwa pa Numeri 6 udasowa pothera. Kwa ife Akhristu, kalata ya kwa Ahebri itiphunzitsa kuti nsembe za nyama zidatha ndi nsembe imodzi ya Khristu. Palibe lero munthu amene angasunge chilamulo cha Mnaziri chonse, kuyambira poyamba mpaka pothera pake.

Ana awiri opatulidwa asanabadwe

Padali ena owerengeka amene adapatulidwa moyo wao wonse, iwo asanabadwe. Awiri a iwo ayenera kuikidwa pamodzi kuti tiwayerekeze.

Samsoni, mwana wa Manowa wa ku Zora, wa fuko la Dani, nkhani yake ili pa Oweruza 13 mpaka 16. Mngelo adauza amai ake kuti mwanayo adzakhala Mnaziri chibadwire, ndipo kuti iwo omwe asale vinyo ali ndi pakati. Makolo, onani kuti kudziletsa kudayamba ndi kholo mwana asanaone dzuwa. Samsoni adakula ndi mphamvu zodabwitsa, naweruza Israeli zaka 20. Koma tsatani mapazi ake. Adafula uchi m'mtembo wa mkango nadya, napatsako makolo ake osawauza kumene wachokera. Adachita madyerero a masiku asanu ndi awiri pakati pa Afilisti ku Timna. Adatsata akazi achilendo ku Gaza ndi ku chigwa cha Soreki. Chokhacho chimene adasunga ndi njombi zake zisanu ndi ziwiri. Delila atalonjezedwa ndalama zasiliva 1,100 ndi kalonga aliyense wa Afilisti, adamuumiriza mpaka adaulula, ndipo adametedwa ali m'tulo pamiyendo ya mkaziyo. Podzuka adayesa kuti zinthu zili monga kale, osazindikira kuti Mulungu adali atamsiya. Lumo lidangotsiriza ntchito imene Samsoni adaiyamba yekha zaka zambiri m'mbuyomo. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Komabe tisaiwale kuti m'ndende ya ku Gaza, maso atakolowoledwa, tsitsi lidayamba kumeranso, ndipo pemphero lake lomaliza lidamveka.

Samueli ndiye wachiwiri. Amai ake Hana adali wosabala, wonyozedwa ndi mkazi mnzake Penina. Ku Silo adapemphera ndi mtima wowawa, milomo yokha ikugwedezeka, mpaka wansembe Eli adamuyesa woledzera. Adawinda kuti akapatsidwa mwana wamwamuna adzampereka kwa Yehova moyo wake wonse, ndipo lumo silidzamkhudza. Mwana atabadwa, Hana sadaiwale. Atamletsa kuyamwa adapita naye ku Silo namsiya. Koma sadamtaye: chaka ndi chaka ankamsokera kamwinjiro nakampatsa popita kukapereka nsembe. Samueli adakulira m'nyumba imodzi ndi Hofini ndi Finehasi, ana a Eli amene ankalanda nyama ya nsembe, koma iye sadatengere khalidwe lao. Usiku wina Mulungu adamuitana ndi dzina, ndipo mnyamatayo adayankha yekha. Chowinda cha mai chidasanduka chifuniro cha mwana. Za kusameta kwa Samueli sitimvanso kanthu m'nkhani yake yonse. Chimene Israeli adamkumbukira nacho ndi chakuti atakalamba adafunsa anthu onse ngati adalandapo ng'ombe kapena bulu wa munthu, kapena kulandira chiphuphu, ndipo padalibe womtsutsa.

Kuwinda mopupuluma

Baibulo silikakamiza munthu kuwinda. Deuteronomo 23 anena kuti wosawinda alibe tchimo, koma wowinda asachedwe kuchita chimene adalonjeza. Mlaliki 5 aonjeza kuti kusawinda kuposa kuwinda kosakwaniritsa. Numeri 30 apatsa atate mphamvu yofafaniza chowinda cha mwana wamkazi amene akali pakhomo, ngati atero tsiku lomwe amva, chimene chitionetsa kuti chowinda cha munthu mmodzi chimakhudza nyumba yonse.

Yefita, pa Oweruza 11, adawinda popita kunkhondo kuti akapambana adzapereka nsembe chilichonse choyamba kutuluka pakhomo pake kudzamchingamira. Adatuluka ndi mwana wake wamkazi, mmodzi yekhayo, akuvina ndi malingaka. Ena amasulira kuti mtsikanayo adaphedwa, ena kuti adakhala wosakwatiwa moyo wake wonse. Mulimonsemo, amene adalipira mau a atate ndi mwana. Chonsecho chilamulo chidaletsa kupereka ana nsembe, ndipo Levitiko 27 adaika njira yoombolera munthu wowindidwa ndi ndalama: masekeli 50 pa mwamuna wa zaka 20 mpaka 60, masekeli 30 pa mkazi wa msinkhu womwewo, masekeli 10 pa mtsikana wa zaka 5 mpaka 20, ndipo wosauka wansembe ankamchepetsera. Za Herode, amene adalumbira pamaso pa alendo ake, tili ndi mwambi wathuwathu wakuti lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane. Ambuye Yesu nayenso, pa Marko 7, adadzudzula anthu amene ankatcha chuma chao Korbani, ndiko kuti choperekedwa kwa Mulungu, kuti apeze pothawira kusamala makolo ao okalamba.

Makolo athu m'chikhulupiriro adaziona zonsezi. Chivomerezo cha Westminster cha 1646, chimene mipingo ya Chipresbiteriyani ya ku Scotland idalandira, chili ndi mutu wonse wa 22 wonena za malumbiro ndi zowinda. Chiphunzitsa kuti chowinda chiperekedwe kwa Mulungu yekha, mwaufulu, ndi kuti munthu asawinde chinthu choletsedwa m'Mau a Mulungu kapena chimene alibe mphamvu yochichita.

Za kuno kwathu

Kudzipatula kotere si kwachilendo m'dziko lathu. Ku kachisi wa ku Msinja, m'boma la Lilongwe, kudali Makewana, mai wopempha mvula wa Achewa, amene tsitsi lake silinkametedwa, pakuti anthu ankakhulupirira kuti kulimeta kukadatseka mvula. Pamodzi naye padali atsikana otchedwa Matsano, opatulidwa kutumikira pakachisipo. Ndipo tonse tidziwa mwambo wa kumeta pakutha kwa maliro. Makolo athu ankadziwa kuti tsitsi limalankhula, ndi kuti kumeta kumatseka nyengo imodzi ndi kutsegula ina.

Uthenga Wabwino utafika, tidaona kudzipatula kwa mtundu wina. M'chaka cha 1876, pa sukulu ya Lovedale ku South Africa, Dr. James Stewart adapempha anyamata odzipereka kuti akathandize mishoni yatsopano ya Livingstonia imene idafika ku Nyanja mu 1875. Mwa anai amene adasankhidwa padali William Koyi, Mxhosa wa maphunziro ochepa, amene adadziyesa woyenera ntchito zapansi zokha. Popeza chilankhulo chake chidali chofanana ndi cha Angoni, ndiye adatsegula njira kwa Inkosi M'mbelwa, nakhala pakati pao ku Njuyu kufikira imfa yake mu 1886. Patapita zaka 12, mu 1898, anthu zikwizikwi adasonkhana pa Ekwendeni, pafupi pomwepa ndi Mzuzu, pa msonkhano waukulu wa Mgonero umene Donald Fraser adakonza. Mu 1914 Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa adaima pamaso pa mpingo nalonjeza malonjezo a ubusa, oyamba mwa ana a dziko lino ku Livingstonia. Ndiponso kuyambira kale mpingo wathu udafuna kuti Akhristu ake asale mowa, chimene chifanana ndi lamulo loyamba la Mnaziri. William Koyi sadasunge tsitsi lalitali, koma ndani angakane kuti adali wopatulidwa?

Tsitsi lopota limene tiona lero m'misewu ya Mzuzu lili ndi mbiri yakeyake. Chirasta chidayamba ku Jamaica m'zaka za m'ma 1930, Haile Selassie atavekedwa ufumu wa Ethiopia pa 2 November 1930. Mfumuyi idacheza m'Malaŵi mu 1965, ndipo malo ena pamwamba pa phiri la Zomba amatchedwabe Emperor's View pokumbukira ulendowo. Iyo mwini idali Mkhristu wa mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia. Marasta ambiri amatchula Numeri 6 pofotokoza tsitsi lao. Akulu a msinkhu wanga akumbukira kuti kuyambira mu 1973, pa ulamuliro wa Dr. H. Kamuzu Banda, lamulo linkaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali. Ngakhale ulamulirowo utatha, ana a Marasta adapitiriza kubwezedwa m'sukulu za boma kufikira pa 8 May 2023, pamene Khoti Lalikulu ku Zomba, pamaso pa Justice Zione Ntaba, lidagamula kuti kuwakaniza sukulu chifukwa cha tsitsi nkuphwanya ufulu wao. Chiphunzitso cha Marasta pa Haile Selassie chisiyana kutali ndi chivomerezo chathu, ndipo achinyamata athu ayenera kudziwa zimenezo bwino. Koma iwo ndi anansi athu, ndipo ana ao ayenera kuphunzira monga athu. Tidziwenso kuti ambiri opota tsitsi lero sali Marasta konse: ena angotengera oimba ndi osewera mpira.

Lachisanu madzulo

Ndidafika pakhomo paja dzuwa litalowa. Atate adakhala pampando wao nkhope ili gwa, mnyamata ali pafupi ndi chitseko ngati mlendo. Titapemphera, ndidapempha mnyamatayo kuti awerenge Numeri 6 yense, osalumpha ndime. Atamaliza ndidamfunsa: "Mwana wanga, maliro a agogo ako chaka chatha udapita?" Adati: "Ndidapita, adada, ndidanyamula nao bokosi." Ndidati: "Udachita bwino. Koma waona wekha kuti Mnaziri wa m'mutu uwu sindiwe, ndipo sungakhale. Tsono tiuze chimene udawinda, kwa yani, ndipo mpaka liti."

Adakhala chete nthawi yaitali. Kenaka adafotokoza, maso ali pansi. Chaka chake choyamba ku koleji adayamba kumwa. Usiku wina akuchokera kumowa ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi, mnzakeyo adagundidwa ndi galimoto iye akuona, namwalira m'mawa mwake. Pobwerera kumaliro adagwada m'chipinda muja, pafupi ndi bedi lopanda mwini, nalonjeza Mulungu kuti sadzalawanso mowa. Anzake ankamseka ndi kumkoka, ndipo iye adafuna chinthu chomkumbutsa tsiku ndi tsiku. Adakumbukira phunziro la Samsoni la ku Sande Sukulu, naleka kumeta. Papita miyezi khumi ndi inai osakhudza botolo.

Amai adalira. Atate adayang'ana kukhoma. Iwo sankadziwa kuti mwana wao adayamba kumwa, sankadziwanso kuti adaleka. Adaona tsitsi lokha.

Pamenepo ndidatsegula Amosi 2, pamene Mulungu akumbutsa Aisraeli kuti adautsa aneneri mwa ana ao ndi Anaziri mwa anyamata ao, koma iwo adamwetsa Anaziriwo vinyo naletsa aneneri kunenera. Mlandu pamenepo uli pa akulu. Ndidati kwa atate aja: "Adada, mukamtulutsa mnyamatayu usiku wa Sabata, akagona kuti? Kodi si kwa anzake omwe aja amene akhala akuwakana miyezi khumi ndi inai?" Ndidawakumbutsanso kuti m'nyumbamo mudali chowinda china, chachikulu ndi chakale kuposa cha mwana. Tsiku limene adamnyamula ali khanda kupita naye kutsogolo kwa mpingo kuti abatizidwe, iwo ndi amai adalonjeza pamaso pa Mulungu kuti adzamlera m'chikhulupiriro, kumphunzitsa ndi kumpempherera. Lonjezo limenelo lidalibe ndime yakuti lidzatha mwana akadzapota tsitsi.

Kwa mnyamatayo ndidati: "Lonjezo lako la mowa ndi loona, ndipo likumanga. Ulisunge. Koma mphamvu yako isakhale m'tsitsi, ungafanane ndi Samsoni. Ndipo lamulo la kulemekeza atate ndi amai ndi lalikulu kuposa chizindikiro chimene udadzisankhira wekha. Udalakwa posawauza. Mnaziri ankadziwa tsiku lake lometa. Lako ndi liti?"

Sindinena kuti zonse zidatha usiku umenewo. Atate adachotsa mau ao a Sabata, ngakhale kuti tsitsilo sakondwera nalo mpaka lero. Mnyamata adapepesa, natchula tsiku lomaliza maphunziro ake kuti ndilo adzamete, ndipo adapempha kuti adzammete ndi atate ake. Lumo lija amai adalisunga m'chikwama chao cha Umanyano. Sabata lotsatira adabwera kutchalitchi nakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo ena adamcheukira koposa kamodzi. Za maonekedwe oyenera m'nyumba ya Mulungu ndi za abusa ndi akulu a mpingo uliwonse, ine sindilamula pa tsamba lino. Ndingopempha kuti pocheuka tizikumbukira kuti sitidziwa chimene munthu adalonjeza Mulungu wake.

Mau kwa makolo

Funsani musanaweruze. Safunsa adadya phula. Mwana akabwera ndi chachilendo, mukhazikeni pansi mumve gwero lake. Mwina mudzapeza kupanduka, ndipo pamenepo mudzudzule mwachikondi ndi molimba. Mwinanso mudzapeza bala limene simunkalidziwa. Tidziyese tokha: kodi ena a ife sitikonda mwana wometa bwino amene amamwa mobisa, kuposa wa tsitsi lopota amene waleka, chifukwa choopa zonena anthu?

Kumbukiraninso zowinda zanu. Amai ambiri adalonjeza ali m'chipatala, mwana ali kayakaya, kuti akachira adzampereka kwa Mulungu. Mwana adachira, lonjezo lidaiwalika. Ena alikumbukira molakwika, nakakamiza mwana kuti akhale mbusa iye alibe maitanidwe. Tsatani Hana: perekani, pitirizani kusoka kamwinjiro, ndipo lolani kuti Mulungu aitane mwanayo yekha. Pa Yeremiya 35 tiwerenga za Arekabu amene adakana vinyo ngakhale mneneri adawaikira patsogolo m'Kachisi, chifukwa kholo lao Yonadabu lidawalangiza chomwecho zaka zoposa mazana awiri m'mbuyomo. Mwambo wotere sukhazikika m'banja ndi ukali wa tsiku limodzi. Ana amasunga chimene aona akulu akusunga.

Mau kwa achinyamata

Mtima wofuna kudzipatulira Mulungu ndi wabwino, musachite nao manyazi. Koma musanawinde kanthu katsopano, werengani zimene mudalonjeza kale tsiku lija mudaima kutsogolo kwa mpingo mutatsiriza kalasi, pamene mudavomereza Khristu ndi kuloledwa ku Mgonero. Paulo pa Aroma 12 atipempha kupereka matupi athu onse monga nsembe yamoyo, ndipo imeneyo ilibe masiku 30. Ngati mufuna kudziletsa pa kanthu kwa nthawi, kaya ndi foni, kaya ndi chakudya, kaya ndi gulu la anzanu, chitani mwaufulu, tchulani nthawi yake, ndipo uzani kholo kapena mkulu wa mpingo kuti akuthandizeni kusunga. Musatenge vesi limodzi kukhala chishango cha fashoni. Mukatchula Numeri 6, muwerenge mutu wonse.

Ndipo mukauwerenga wonse mudzaona kuti malamulo a Mnaziri akangotha, pakutsata mdalitso wa Aroni, uja abusa amatidalitsa nao ndi manja otambasula. Mdalitsowo udaperekedwa kwa Aisraeli onse, Anaziri ndi osawinda omwe. Mwezi uno, pa mapemphero anu a madzulo, werengani mutu umenewu ndi 1 Samueli 1 mpaka 3, ndipo aliyense m'nyumba, kuyambira atate, atchule lonjezo limodzi limene adapanga kwa Mulungu ndi mmene akulisungira. Mupempherereninso banja lija, kuti tsiku lometa lidzafike onse ali pamodzi.

Mwezi wamawa, Ambuye akalola, tidzabwerera ku nkhani yathu ya mapemphero a pabanja. Tsalani mu mtendere.